Zaka 93 Zodikira Mwana wa Pakhomo: Mbiri ya Mpikisano wa Galimoto wa ku Monaco

Lero sindilemba za silabasi kapena za mayeso a MSCE. Ndikufuna ndikufotokozereni mbiri ya mpikisano wina wa galimoto. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti mphunzitsi woyenda pa njinga yakapalasa, wokhala m'boma limene kwa zaka zambiri malole ankagona m'matope nthawi ya dzinja, akudziwapo chiyani za galimoto zothamanga? Dekhani, werengani kaye.

Nkhaniyi inandipeza Lamulungu pa 26 May 2024. Ndinapita pa malo ena oonetsera mpira apa pa boma. Ligi ya ku England inali itatha sabata yapitayo, ndiye mwini malo anangosiya kanema pa tchanelo chimene chinkaonetsa galimoto zikuzungulira m'tauni ina yokongola ya m'mbali mwa nyanja. Anyamata ambiri anatopa nazo n'kutuluka. Mmodzi, yemwe ndinamuphunzitsapo Fomu 2, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndi mpikisano wanji umenewu woti palibe akupitirira mnzake?" Sananame. Tsiku limenelo madalaivala khumi oyambirira anamaliza m'ndandanda womwewo umene anayambira. Koma pa mapeto ndinaona dalaivala wa galimoto yofiira akulira, tauni yonse ikuchita phokoso, ngakhale kalonga wa dzikolo, bambo wachikulire, maso ali jenjenje ndi misozi. Ndinadzifunsa kuti anthu olemera chonchi akulirira chiyani? Yankho lake ndinalipeza m'mbiri yakale.

Tauniyo ndi Monte Carlo, m'dziko la Monaco. Monaco ndi kadziko ka m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, kozunguliridwa ndi France mbali zitatu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita awiri okha basi. Boma lathu la Neno ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,500, kutanthauza kuti Monaco angalowe muno maulendo pafupifupi 700. Kumakhala anthu pafupifupi 38,000, ndipo mwa anthu anayi aliwonse, mmodzi yekha ndiye nzika yeniyeni. Otsalawo ndi obwera. Banja lachifumu la Grimaldi linayamba kulumikizana ndi malowa mu 1297, pamene François Grimaldi analanda linga la pamwamba pa thanthwe.

Tikamva za Monaco lero timaganiza za ndalama, koma sizinali choncho kuyambira kale. Mu 1848 matauni awiri a Menton ndi Roquebrune anagalukira kalonga, ndipo mu 1861 anaperekedwa ku France. Kumeneko n'kumene kunali minda ya mandimu ndi maolivi imene inkabweretsa msonkho. Tayerekezani Neno atalandidwa tirigu ndi kachewere wa kwa Dambe, manachesi onse, ndi ziweto za ku Lisungwi, n'kungotsala ndi ka pa boma pokha. Umu ndi mmene Monaco anatsalira, thanthwe ndi doko. Kalonga Charles III anaika chiyembekezo chake pa nyumba ya juga ndi mahotela okopa alendo. Dera latsopanolo analitcha Monte Carlo mu 1866, kutanthauza phiri la Charles. Njanji inafika mu 1868, alendo anachuluka, ndipo mu 1869 kalongayo anathetsa msonkho wa pa ndalama zimene munthu amapeza. Chodabwitsa n'chakuti nzika za Monaco siziloledwa kutchova juga m'nyumba imeneyo. Jugayo ndi ya alendo, phindu ndi la eni nthaka.

Tsono mpikisano wa galimoto unabwera bwanji? Mudabwa kumva kuti unayambira pa njinga yakapalasa ngati yangayi. Mu 1890 anthu okonda kupalasa anayambitsa kalabu ya njinga. Galimoto zitayamba kuchuluka, kalabuyo inasintha pang'onopang'ono mpaka mu 1925 inatenga dzina loti Automobile Club de Monaco. Mtsogoleri wake anali Alexandre Noghès, ndipo mwana wake Antony Noghès, munthu wa ntchito za fodya, ndiye anali wothamangathamanga. Kalabuyi inkayendetsa kale mpikisano wotchuka wa Monte Carlo Rally umene unayamba mu 1911, momwe galimoto zinkanyamuka m'mizinda yosiyanasiyana ya ku Ulaya n'kukathera ku Monaco. Ndiye anapempha kuti alowe m'bungwe lalikulu la makalabu a galimoto a maiko ku Paris. Anawakana. Chifukwa chake chinali chakuti mpikisano wawowo unkachitikira pa misewu ya maiko ena. M'dziko mwawo munalibe mpikisano uliwonse.

Apa ndi pamene pali phata la nkhani yanga. Anthu aja anauzidwa poyera kuti kwanu kulibe kanthu, mumangodyera pa misewu ya eni. Malo omangapo bwalo la mpikisano analibe. Antony Noghès anayenda wapansi m'tauni yake n'kuganiza kuti, ngati tilibe bwalo, misewu yomwe timayendamo tsiku ndi tsikuyi ikhale bwalo. Ambiri anati wapenga, pakuti misewuyo inali yopapatiza, yokhotakhota, yokwera ndi kutsika, ya nyumba mbali iyi ndi nyanja mbali inayo. Koma Kalonga Louis II anavomereza, ndipo dalaivala wotchuka wa komweko, Louis Chiron, anaikira kumbuyo maganizowo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero makolo.

Mpikisano woyamba unachitika pa 14 April 1929. Panali galimoto 16, ndipo zinazungulira maulendo 100 kwa maola pafupifupi anayi. Anapambana ndi William Grover-Williams pa galimoto ya Bugatti yobiriwira. Inu a Fomu 4 amene tinaphunzira limodzi za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, lembani dzina limeneli. Nkhondo itabuka, Grover-Williams anakhala kazitape wa Britain m'dziko la France, anagwidwa ndi asilikali a Hitler, ndipo anaphedwa ku ndende ya Sachsenhausen mu 1945.

Njira ya mpikisanowu sinasinthe kwambiri kuchokera nthawi imeneyo. Kutalika kwake ndi makilomita 3.337, mtunda wochepa kuposa umene ana ambiri a pa sukulu yathu amayenda m'mawa uliwonse. Mwana amatenga mphindi 40 kapena kuposerapo, koma galimoto ya Formula One imazungulira pa mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Amanyamukira m'mbali mwa doko, n'kukhota pa kona ya Sainte Dévote pomwe pali katchalitchi, n'kukwera chitunda mpaka pa nyumba ya juga ija. Akatero amatsetsereka kukafika pa kona yopindika ngati chigongono, pomwe liwiro limatsika kufika pa makilomita 50 pa ola. Kenako amalowa mumsewu wamdima wodutsa pansi pa hotela, n'kutulukira pa kuwala kwa dzuwa akuthamanga pafupifupi makilomita 290 pa ola, n'kuzungulira dziwe losambiramo, mpaka pa kona yomaliza imene inatchedwa dzina la Antony Noghès. Masiku ano amazungulira maulendo 78. Popeza msewu ndi wopapatiza, kupitirira mnzako n'kovuta zedi. N'chifukwa chake tsiku Loweruka, pamene aliyense amathamanga kuti apeze malo oyambira, ndi lofunika kwambiri. Dongosolo loti wothamanga kwambiri poyeserera ndiye ayambire patsogolo linayambira ku Monaco komweko mu 1933. Kale ankachita maere.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1955 katswiri wa ku Italy, Alberto Ascari, anaphonya kona n'kugwera m'nyanja ndi galimoto yomwe. Anasambira n'kupulumuka, koma patangotha masiku anayi anafa pa ngozi ina ku Monza. Mu 1967 Lorenzo Bandini anagubuduzika pafupi ndi doko, galimoto inayaka, ndipo anamwalira patapita masiku atatu. Ngozi ngati zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti akhwimitse chitetezo. Ndikunena izi chifukwa cha inu anyamata anga a kabaza wa njinga zamoto. Ajawa akamathamanga, msewu amakhala atautseka, m'mbali muli zitsulo zotchinga, madokotala ali chire, ndipo aliyense wavala chipewa cholimba. Pa msewu wathu wotsikira ku Lisungwi pali mbuzi, ana a sukulu ndi amayi osenza mitolo.

Tibwerere kwa Louis Chiron, mwana wa pakhomo woyamba. Anabadwira ku Monaco pa 3 August 1899. Sanali wa banja lachifumu. Bambo ake anali mkulu wa operekera zakudya pa Hôtel de Paris, kutanthauza kuti anakulira pakati pa anthu olemera koma ali kumbali ya owatumikira. Anaphunzira chiwongolero ali mnyamata, anayendetsa galimoto ku usilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anatchuka poyendetsa galimoto za Bugatti. Chomvetsa chisoni n'chakuti mpikisano woyamba wa kwawo, umene iye anathandiza kuukonza, sanachite nawo. Anali atalonjeza kale kukapikisana ku America pa Indianapolis 500. Mu 1930 analipo, anatsogola nthawi yaitali, koma René Dreyfus anamupitirira ndipo Chiron anamaliza wachiwiri. Chaka chotsatira, pa 19 April 1931, anapambana pamaso pa anthu a kwawo pa Bugatti Type 51, Luigi Fagioli ali pambuyo pake.

Anthu ankaganiza kuti azipambana chaka ndi chaka, koma sizinatero. Mu 1934 ankatsogola mpikisano utatsala pang'ono kutha, koma anatereka pa kona n'kugunda matumba a mchenga, Guy Moll n'kumudutsa. Komabe bamboyu sanafooke. Mu 1950, chaka chimene mpikisano wa dziko lonse wa Formula One unayamba, anamaliza wachitatu ku Monaco ali ndi zaka 50, pambuyo pa Juan Manuel Fangio ndi Ascari. Mu 1954 anapambana Monte Carlo Rally pa galimoto ya Lancia. Mu 1955 anamaliza wachisanu ndi chimodzi ali ndi zaka 55, ndipo mpaka lero palibe wamkulu kuposa iye amene anayambapo mpikisano wa Formula One. Atasiya chiwongolero anakhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa mpikisanowu, ndipo kwa zaka zambiri ndiye ankagwetsa mbendera yoyambitsira. Anamwalira mu 1979. Kona ina ya pafupi ndi dziwe lija ili ndi dzina lake, ndipo mu 2016 kampani ya Bugatti inatulutsa galimoto yodula kwambiri yotchedwa Chiron.

Koma ine ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo ndimauza ana kuti mbiri si chitamando cha pa maliro. Pali tsamba lina la moyo wa Chiron limene okonda kumutama amalidumpha. Panali mayi wina wa ku France, Hellé Nice, amene ankapikisana ndi amuna pa galimoto m'zaka za m'ma 1930. Mu 1949, pa phwando la ochita nawo Monte Carlo Rally, Chiron anamuloza chala pagulu kuti pa nthawi ya nkhondo anali kazitape wa Gestapo, apolisi achinsinsi a Hitler. Umboni sanapereke, ndipo ofufuza mbiri amene anadzalondola nkhaniyi pambuyo pake sanaupeze. Koma mawu a munthu wotchuka amalemera. Othandiza mayiyo anamuthawa, ntchito yake inathera pomwepo, ndipo anamwalira ali mmphawi mumzinda wa Nice mu 1984. Ife a ku Malawi amene tinakula tisanafike 1994 tikudziwa bwino zimene mawu amodzi a munthu waudindo ankatha kuchita pa moyo wa mnzake. Ngwazi ya pamudzi tiziinyadira, koma tisamaiyeretse.

Chiron atapambana mu 1931, chikho cha ku Monaco chinkangotengedwa ndi alendo. Graham Hill wa ku Britain anapambana kasanu mpaka anamutcha Mr Monaco. Ayrton Senna wa ku Brazil anapambana kasanu ndi kamodzi, mu 1987 komanso kuyambira 1989 mpaka 1993. Michael Schumacher anapambana kasanu, Alain Prost kanayi. Ngakhale Africa inalawako, pakuti Jody Scheckter wa ku East London m'dziko la South Africa anapambana mu 1977 ndi mu 1979. Eni mudzi ankangokonza misewu, kumanga mipanda, kulandira alendo, kuwaombera m'manja, n'kuphwasula mipandayo. Olivier Beretta, mwana wa komweko, anayesako mu 1994 koma anamaliza wachisanu ndi chitatu.

Kenako kunabwera Charles Leclerc, wobadwa pa 16 October 1997. Bambo ake, Hervé Leclerc, anapikisanako pa galimoto za Formula 3, ndipo mayi ake ndi wokonza tsitsi. Aphunzitsi anzanga, imvani izi: iye mwini amafotokoza kuti tsiku limene anayamba kuyendetsa tigalimoto ta ana, ananamiza bambo ake kuti akudwala pofuna kujomba ku sukulu. Bambowo anamutengera ku Brignoles, ku bwalo la mnzawo, bambo a dalaivala Jules Bianchi. Sindikuti tizilekerera ojomba, ndikungonena zimene zinachitika. Misewu ya mpikisano ija ndi yomwe ankadutsamo pa basi popita ku sukulu. Masewerawa amadya ndalama zambiri, ndipo itafika nthawi yoti banjalo silingakwanitsenso, Jules Bianchi ndiye anamulumikiza ndi Nicolas Todt amene anamuthandiza kupitiriza.

Mnyamatayu anakumana ndi zokhoma. Bianchi, amene anali ngati mkulu wake, anachita ngozi ku Suzuka m'dziko la Japan mu October 2014 ndipo anamwalira mu July 2015. Mu June 2017 bambo ake anamwalira atadwala. Leclerc anaulula pambuyo pake kuti bambowo ali gone anawauza kuti wasaina kale kontirakiti ya Formula One, pamene anali asanasaine, pofuna kuti apite ndi mtima wokondwa. Patangopita masiku ochepa chimwalirireni bambowo anapambana mpikisano wa Formula 2 ku Baku, ndipo chaka chisanathe anasainadi ndi timu ya Sauber. Bodza lija linasanduka zoona.

Mu 2019 analowa timu ya Ferrari n'kuyamba kupambana m'maiko a eni, ku Belgium ndi ku Italy. Koma pakhomo zinkakanika. Mu 2018 mabuleki anakana, n'kugunda galimoto ya Brendon Hartley kumbuyo. Mu 2019 timu yake inalakwitsa masamu Loweruka, anayambira kumbuyo, ndipo sanamalize. Mu 2020 mpikisano sunachitike chifukwa cha Covid-19. Mu 2021 anapeza malo oyamba, koma chitsulo chopititsa mphamvu ku tayala chinawonongeka ndipo sanayambe n'komwe. Mu 2022 anayambiranso patsogolo, koma timu inasokoneza nthawi yosinthira matayala, n'kumaliza wachinayi. Mu 2023 anapatsidwa chilango n'kumaliza wachisanu ndi chimodzi. Kukanakhala kuno tikanati wina wake wamuchita chipongwe, apite kwa asing'anga. Komatu ngakhale azungu a nyuzi ankalemba kuti mnyamatayu ali ndi tsoka la pakhomo. Mukayang'ana chaka chilichonse payekhapayekha mupeza chifukwa chomveka: chitsulo, masamu olakwika, kapena kulakwitsa kwa iye mwini.

Tsiku limene ndinaonera lija ndi limene zonse zinayenda bwino. Anayambira patsogolo, ndipo ngakhale mpikisano unaimitsidwa pa ulendo woyamba chifukwa cha ngozi ya galimoto zitatu, anatsogola mpaka pa mapeto. Oscar Piastri anali wachiwiri, Carlos Sainz wachitatu. Iye ananena kuti chakumapeto ankavutika kuona msewu chifukwa cha misozi, akuganiza za bambo ake. Kalonga Albert II ndiye anamupatsa chikho. Kuchokera 1931 kufika 2024 ndi zaka 93. Amene anaona Chiron akupambana ali ana, ambiri anali atapita kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa zaka 93 n'kwa mtundu wonse, osati kwa munthu mmodzi.

Sindikufuna kukunamizani kuti mwana wa ku Ligowe kapena ku Chifunga adzayendetsa Ferrari posachedwa. Awa ndi masewera a anthu a ndalama, ndipo Formula One inapondako komaliza mu Africa mu 1993, ku Kyalami. Ngakhale kuno kum'mwera kwa Africa, amene anatchuka pa chiwongolero anali ochokera m'mabanja okhala ndi magalaja ndi zipangizo. John Love wa ku Bulawayo anatsala pang'ono kupambana South African Grand Prix mu 1967, koma anaima kuti athire mafuta chakumapeto n'kumaliza wachiwiri pambuyo pa Pedro Rodríguez. Ku Zambia, Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa pa mpikisano wa m'misewu ya fumbi maulendo angapo. Ife chimene tili nacho ndi njinga, mapiri ndi miyendo yolimba.

Chimene chinandigwira mtima ndi china. Chaka chilichonse ndimatsanzikana ndi ana a Fomu 4, ndipo ena ndikakumana nawo ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndimamva akuuza anzawo kuti kwawo ndi ku Mwanza, ena mpaka amati ku Blantyre. Ndikawafunsa pambali amati, "Aphunzitsi, ku Neno anthu sakudziwako, ndiye kulinso chiyani?" Funso limeneli ndi lomwe Antony Noghès anafunsidwa ku Paris. Iye sanakabwereke bwalo kwa eni. Anayang'ananso misewu yomwe ena ankati ndi yoipa, n'kuona kuti kupapatiza ndi kukhotakhota kwakeko ndi chinthu chimene wina aliyense alibe. Neno anakhala boma paokha mu 2003 atapatuka ku Mwanza. Tikadali ana. Magetsi a ku Nkula ndi ku Tedzani amachokera pa Shire amene amatilekanitsa ndi Blantyre, zipatso zathu zimadyedwa m'mizinda, koma mbiri yathu sitinailembe.

Ine ndikudziwa tsiku, mwezi ndi chaka chimene Chiron anapambana chifukwa anthu a kwawo analemba ndi kusunga. Koma ndani analemba za lole yoyamba kukwera mapiri athuwa, dalaivala wake, ndi masiku amene anagona panjira? Ndani akudziwa dzina la mnyamata amene ankapambana mpikisano wa njinga pa masiku a zikondwerero kale? Teremu ikubwerayi ndapatsa ana a Fomu 3 ntchito yoti aliyense akacheze ndi gogo mmodzi wa m'mudzi mwawo za msewu wa kwawo: unalambulidwa liti, ndi ndani, ndipo unasintha chiyani. Ndawauza kuti alembe zokoma ndi zowawa zomwe, monga ndachitira ndi Chiron. Aphunzitsi anzanga a m'sukulu zina za m'boma lino, tiyeni tichitire limodzi, tidzaphatikize zimene anawo apeze. Inu amene munachoka kuno, mukabwera pa holide mudzandipeze ku sukulu, mudzandiuze zimene agogo anu anakuuzani.